Fani ya mu Probox ikungogwira pa spidi yomaliza basi

Mayi wa ku Mtunthama:
Akuluakulu ndithandizeni, ndili ndi ka Probox komwe ndimapikulira katundu wa mu shopu pa Kasungu boma. Fani yamkati ija yayamba zachilendo, ndikayika pa 1, pa 2 olo pa 3 kungoti zii, koma ndikapotokolera kumapeto ikuuzira mwamphamvu mpaka osamvana ndi munthu amene wakhala pambali. Mnyamata wina wandiuza kuti gasi wa AC watha ndikathiritse, ndalama yakenso sipang'ono ndiye ndati ndifunse kaye ndisanapereke. Mvula yayandikira iyi, galasi likachita nthunzi ine msewu sindiuona.

Wamagetsi wa pa Chinkhoma:
Mayi ndalama yanuyo isungeni, gasi sakukhudzana ndi zimenezi olo pang'ono. Gasi akatha mphepo imatulukabe pa spidi zonse kungoti siyizizira. Chafa apo ndi resistor. Magetsi a spidi zing'onozing'onozo amadutsa kaye mu resistor kuti achepe mphamvu, pomwe spidi yomaliza amapita dairekiti ku mota, nchifukwa chake yokhayo yatsala ikugwira. Ndiye mota ndi fyuzi zilipo bwino, zikanafa sikanazungulira nkomwe. Ka resistor kameneka kali kunsi kwa glove box (kabokosi kosungiramo zinthu ka pa dashibodi), mbali ya pasenja, pafupi ndi mota ya faniyo, kali ndi pulagi komanso timasikuluwu tiwiri. Kachotseni mupite nako kogula masipeya kuti akupatseni kofanana pulagi yake.

Dalaivala wa Kasungu-Nkhamenya:
Zoona achimwene koma muwauzenso mayiwa chimene chimapsereza resistor, apo ayi agula katsopano kapsanso mwezi usanathe. Kachipangizo kameneka kamatentha kwambiri ndiye anakayika dala munjira ya mphepo kuti kazizizira, tsono mphepo ikamachepa chifukwa fyuluta yatsekeka ndi fumbi lathuli la mu October kamapsa. Ngati galimoto yanu ili ndi fyuluta imakhala kuseri kwa glove box komweko, itulutseni muyione. Chinanso makoswe. Galimoto yomwe imanyamula chimanga kapena mtedza nkumagona pafupi ndi nkhokwe makoswe amalowa nkumanga chisa mu fani momwemo, mumapezamo makoko a mtedza, tinsanza, timapepala, mota nkumazungulira molemedwa kumakoka magetsi ambiri. Ine zimandiwawa kuona anthu akusintha resistor kawiri katatu osatsegula fani, pomwe ndi masikuluwu ochepa chabe imatsika yonse.

Mayi wa ku Mtunthama:
Iii za makoswezo mwina ndi zoona bambo, matumba a soya amagona momwemo nthawi zina. Komanso masiku ena olo pa spidi yomaliza imayamba yakana, ndikagunda bampu ndi pomwe imadzuka. Ndi resistor yomweyo?

Wamagetsi wa pa Chinkhoma:
Ayi mayi apo ndiye zasintha, zimenezo ndi mabulashi a mota (timakala timene timapatsira magetsi mkati mwa motamo) atha kapena pulagi yalezuka. Tsiku lomwe yakana yatsani kiyi, ikani pa spidi yomaliza, mumenye pang'ono pansi pa motayo ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, ikadzuka dziwani kuti ndi mabulashi. Wamagetsi ayeze pa pulagi ndi mita, ngati 12V ikufika koma mota osazungulira ndiye vuto ndi mota. Muyang'anenso pulagiyo ngati siyinasungunuke kapena kuda. Akaitsitsa motayo muizungulitse ndi dzanja, ikamalimba kapena kulira ndiye ndi imene yapsereza resistor yanu, musinthe zonse ziwiri limodzi. Mabulashi okha amatheka kusintha ngati mkati simunadyeke kwambiri. Koma chonde wina asakuuzeni zolumikiza waya pamalo pa fyuzi kapena kudumphitsa ka fyuzi kakang'ono kamene kamakhala pa resistor, mawaya a mu dashibodi amagwira moto ndi zimenezo ndipo inu mumanyamula katundu wa mu shopu.