Funso: ndipemphe telesikopu kapena ndiyambe ndi kamera yomwe ndili nayo kale?

Moni nonse a pagulu lino. Ndine mphunzitsi kuno ku Dedza, ndipo magetsi akathima ndimakonda kutuluka panja n'kumayang'ana mlalang'amba, womwe m'miyezi ya June ndi July umadutsa pamwamba penipeni pa denga lathu. Ndili ndi kamera ya Canon yokhala ndi lenzi ya 18-55mm, koma sabata yatha nditaikhazika pa chitsa n'kusiya shutter (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) yotsegula kwa mphindi yathunthu, nyenyezi zonse zinatuluka ngati timizere ta choko pa bolodi. Achimwene anga a ku Johannesburg alonjeza kunditumizira chinthu chimodzi chokha. Kodi ndiwapemphe telesikopu kapena star tracker, kachipangizo kotembenuza kamera pang'onopang'ono kuti izitsata nyenyezi? Ndikufunanso nzeru za kayambitsidwe ka gulu loonera nyenyezi, chifukwa ophunzira anga angapo ali ndi chidwi.

Woyankha wa ku Mzuzu: Aphunzitsi, kamera yanu ilibe mlandu. Dziko limatembenuka madigiri 15 pa ola, ndiye mphindi yathunthu ndi yaitali kwambiri. Pa 18mm musapyole masekondi 15, ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) ikhale 1600 kapena 3200, aperture (bowo lolowera kuwala mu lenzi) muitsegule mpaka pomaliza, ndipo focus muipange ndi dzanja poyang'ana nyenyezi yowala ngati Alpha Centauri mpaka ikhale kadontho kakang'onong'ono. Chitsa chisiyeni, pemphani tripod (choikapo kamera cha miyendo itatu) yolimba. Mukajambula zithunzi makumi atatu za malo amodzimodzi n'kuziphatikiza ndi Siril kapena DeepSkyStacker, omwe ndi mapulogalamu aulere, mudzadabwa ndi zomwe lenzi yomweyo ingatulutse.

Woyankha wa ku Blantyre: Ndikugwirizana ndi akuluwa, ndingowonjezera za tracker. Kuti igwire ntchito imafunika kuilozetsa pa malo omwe thambo limazungulirapo kummwera, ndipo kuno tilibe nyenyezi yowala pamenepo monga Polaris yomwe anzathu a ku Ulaya amadalira. Yathu ndi Sigma Octantis, yoziya moti popanda bainokula simungaipeze msanga, komanso ku Dedza malowo ali madigiri pafupifupi 14 okha kuchokera pansi, kotero phiri kapena mtengo wa bulugamu ungawatchinge. Ine ndinataya mausiku anayi ndisanaizolowere. Musachedwenso, chifukwa kuyambira August utsi wa moto wotentha tchire umadetsa thambo, pomwe ife akummwera tikulimbana kale ndi chiperoni.

Woyankha wa ku Pretoria: Pa nkhani ya gulu, ophunzira sakopeka ndi kompyuta yophatikiza zithunzi, amakopeka akaona okha mphete za Saturn kapena miyezi inayi ikuluikulu yozungulira Jupiter. Pa ntchito imeneyo telesikopu ya mtundu wa Dobsonian, yomwe mumangoilozetsa ndi dzanja, ndi yabwino, ngakhale siithandiza kwenikweni pojambula mlalang'amba. Achimwene anuwo afunse ku nthambi ya Johannesburg ya Astronomical Society of Southern Africa, bungwe lomwe lilipo kuyambira 1922, asanagule chilichonse m'sitolo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndawalembera achimwene kuti atumize tripod, ndipo za telesikopu tidzakambirana ndi makolo pasukulu. Ndaika Stellarium, pulogalamu yoonetsa mapu a nyenyezi, pafoni, ndipo Loweruka mwezi ukalowa ndikayesa masekondi 15 pabwalo la mpira. Kodi mame akamagwa pa lenzi usiku mumatani, popeza kuno kumazizira zedi?