Ana a drama akundizunguza mutu, thandizeniko

Anzanga amene munaphunzitsapo ana sewero kusukulu ndigawireniko nzeru. Gulu la drama andipatsa ine chaka chino, tsiku loonetsa layandikira koma zinthu sizikuyenda ayi.

Vuto lalikulu ndi mawu. Ana omwewa panja amakuwa zedi koma akangokwera pa siteji amayamba kunong'ona, ine ndikakhala kumbuyo kwa holo ndimangoona milomo ikugwedezeka basi, ndikati kwezani mawu amayamba kukalipa ngati akukangana ndiye sewero lonse limangokhala phokoso, maiki tilibenso. Ndinamva zoti mawu azichokera m'mimba osati pakhosi, koma mwana umamuuza bwanji kuti amvetse? Pali timasewera ta kapumidwe tomwe mumawapangitsa musanayambe?

Chinanso mapepala. Mtsikana amene ali ndi mbali yaikulu analoweza zonse koma amangolakatula ngati ndakatulo, mnzake akamayankhula iye maso ali pansi kudikira mzere wake. Ena mpaka pano pepala lili m'manja, kwinaku apatsa anthu oonera msana. Kodi mapepala mumawalanda liti? Ine ndimaona ngati kuwasiyira kumawapatsa ulesi, koma ndikalanda aliyense amangoima njo kundiyang'ana kuti ndimukumbutse.

Ndiye pali mnyamata wina, luso ali nalo sindingakane, koma amajomba pulakatisi ndipo anzake ayamba kung'ung'udza. Ndimuchotse ndiike wina kapena ndimulezere mtima? Komanso gawo la bambo ndi mkazi wake akangogwirana dzanja onse amafa nalo phwete, kuseka kumeneku mumakuthetsa bwanji inu?