Timanambala tokwera pamwamba tikusokoneza mipata ya mizere pa Android

masamu_pafoni:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikukonza pulogalamu ya Android yophunzitsira masamu. Mafunso ndimawalemba mu HTML, kenako n'kuwaika mu TextView (kabokosi koonetsa mawu pa sikirini) kudzera pa Html.fromHtml. Pandivuta pa timanambala tokwera, monga 2 wa pa x². Ndikaika `<sup>` kanambalako kamakweradi, koma kamakhala kakakulu ngati zilembo zinzake, ndipo mzere umene kali umatalikirana ndi wapamwamba pake. Dzulo mwana wina amene akuiyesa anandifunsa ngati funso lachiwiri likuyambira pampata umenewo, chonsecho linali funso limodzi. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa mwana akasokonezeka powerenga funso ndiye kuti walilakwa kale. Ndayesa android:lineHeight, yoikira kutalika kwa mzere, koma palibe chasintha.

wakale_pa_kodi:
Achimwene, `<sup>` imasanduka SuperscriptSpan (span ndi lamulo losintha maonekedwe a kachigawo ka mawu), ndipo ntchito yake n'kukweza chilembo basi, siichepetsa. Chilembo chikakwera, Android imakulitsa mzere wonsewo kuti chisadulidwe mutu. Mpata mukuuonawo ukuchokera pamenepo.

Choyamba chepetsani kanambalako ndi RelativeSizeSpan(0.7f), kapena mu HTML momwemo lembani `<sup><small>`. Mpata uchepa koma sutheratu. Za lineHeight musadabwe nazo. Inabwera pa API 28, kutanthauza Android 9, ndipo imangowonjezera mpata wofanana pa mzere uliwonse, ndiye mzere umene unali wautali kale umakhalabe wautali. Chimene mukufuna ndi LineHeightSpan.Standard pa ndime yonse, imene imakakamiza mizere kukhala yofanana. Imeneyi inayamba pa API 29, Android 10. Pa mafoni akale lembani LineHeightSpan yanu, muike ascent ndi descent (malire a m'mwamba ndi m'munsi a mzere) nokha mu chooseHeight.

chidule_chabe:
Bwanji osangolemba ² weniweni wa Unicode? Ine ndimatero, sindivutika ndi ma span.

wakale_pa_kodi:
Pa m² kapena x³ zimayenda, chifukwa ¹, ² ndi ³ zili m'gulu la zilembo lotchedwa Latin-1 ndipo mafonti ambiri ali nazo. Koma ⁴ kupita m'tsogolo zili m'gulu lina, ndipo fonti yanu ikazisowa foni imabwereka kwina, x⁴ n'kumaoneka mosiyana ndi x². Pa masamu zimenezo sizifika patali.

masamu_pafoni:
Zatheka, zikomo kwambiri achimwene. Poyamba ndinaika mapikiselo okhazikika, ndiye nditakulitsa zilembo m'masetingi a foni mizere inakwerana. Tsopano ndikuwerengera kuchokera ku sp (muyezo umene umakula zilembo zikakulitsidwa m'masetingi), zilembo 16sp, mzere 24sp, ndipo funso lija likuwerengeka ngati limodzi.