Phunziro loyamba la kasamalidwe ka anthu apantchito: kodi nkuloweza mayina basi?

Mwana wa kapitawo, Luchenza

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka akuluakulu amene munagwirapo ntchito mu ofesi yoona za antchito. Ndili m'chaka choyamba pa yunivesite ina ku Blantyre, ndipo semesita ino tayamba phunziro la human resource management, ndiye kuti kasamalidwe ka anthu apantchito. Mpaka pano tadutsa mayina a akatswiri akunja okhaokha: Frederick Taylor, Elton Mayo ndi kafukufuku wa pa fakitale ya Hawthorne ku America, Maslow ndi makwerero ake asanu a zosowa za munthu, Herzberg ndiponso McGregor. Kuloweza ndikuloweza ndithu, koma ndikatseka kope sindiona kumene zimenezi zikukhudzana ndi ntchito imene ndimaidziwa ine.

Bambo anga anakhala kapitawo pa esiteti ina ya tiyi kwa zaka zambiri. Nditapita kumudzi sabata yatha anandifunsa chimene ndikuphunzira, ndipo nditawafotokozera anangoseka, nkunena kuti imeneyo ndi ntchito ya kalaliki wodinda matikiti, yosafunika digiri. Ndinasowa chowayankha. Ndikupempha mundithandize njira yowerengera phunziroli kuti ndilimvetse, komanso mundiuze ngati nkoyenera kuyambiratu kuwerenga malamulo a dziko lino a zantchito pamene aphunzitsi sanafikepo.

Wopuma pantchito, Bvumbwe

Mwanawe, bambo ako asakufooketse, ngakhale kuti sanalakwitse kwenikweni, chifukwa m'masiku awo ofesi imeneyi inalidi ya matikiti, malipiro ndi makalata ochenjeza. Koma dziwa kuti iwe uli ndi mwayi umene anzako okulira m'tauni alibe, pakuti zonse zimene ukulowezazo unakula ukuziona ndi maso.

Tiyambe ndi Taylor. Mfundo zake za m'chaka cha 1911 zinali zakuti ntchito iyesedwe, igawidwe tizigawo, munthu apatsidwe muyeso wa tsiku, ndipo alipidwe molingana ndi zimene watulutsa. Nanga wothyola tiyi akamatsika mumzere ndi dengu kumsana, nkukalikoloweka pasikelo, kalaliki nkulemba makilogalamu, kenako wopitirira muyeso nkulandira yapamwamba, si Taylor yemweyo? Ntchito ya mgwazo imene ukuidziwa bwino ija ndi mfundo yomweyo. Herzberg, mu 1959, anasiyanitsa zinthu zimene zikasowa munthu amadandaula ndi zimene zimampatsa mtima wofuna kugwira bwino. Nyumba ya pakampaundi yosadontha, madzi a pampopi ndi chakudya chamasana zimaletsa madandaulo, koma sizichititsa munthu kukonda ntchito. Chimene chimatero ndi kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo ndi kuona kuti angathe kukwezedwa. Za McGregor usavutike nazo. Ukumbukire akapitawo awiri, wina woyendera kukalipa poganiza kuti wantchito aliyense ndi waulesi, wina wongogawa mizere nkuwakhulupirira anthu ake, basi wadziwa kusiyana kwa mfundo zake ziwiri zimene anazitcha X ndi Y.

Kunena za malamulo, yamba lero lomwe, ndipo ndikuuza chifukwa chake. Ndili wachinyamata pantchitoyi, tsiku lina m'nyengo ya mvula kalaliki wa pasikelo anandibweretsera mayi wina amene m'dengu mwake munapezeka miyala iwiri pansi pa masamba. Bwana wamkulu analusa, ndipo ine, pofuna kuoneka wachangu, ndinalemba kalata yomuchotsa ntchito masana omwewo, miyala ija ili patebulo panga ngati umboni. Mayiyo sindinamufunse kanthu. Nkhani itafika ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya zantchito, funso loyamba silinali la miyala ayi, koma lakuti kodi munthuyu tinamupatsa mpata woti adziteteze. Ndime 57 ya Employment Act, lamulo la zantchito la 2000, imafuna zinthu ziwiri: chifukwa chomveka chokhudza khalidwe kapena luso la munthuyo, ndi mwayi woti ayankhe mlandu wake asanachotsedwe. Ife tinali ndi choyamba chokha, ndipo kampani inalipira chipukutamisozi. Pambuyo pake ndinamva kuti madengu tsiku limenelo anawaunjika pamodzi pothawa mvula, moti mpaka lero sindidziwa ngati miyala ija anaika ndi iye.

Mlongo wa ku Chitakale

Achimwene, ine ndinamaliza maphunziro omwewa posachedwapa, ndipo ndikugwirizana ndi bambo a ku Bvumbwe. Ndingowonjezera za mayeso. Aphunzitsi ambiri sakhutira ndi kungotchula tanthauzo la mawu; amapereka kankhani ka kampani yongopeka, nkufunsa kuti inuyo mukanatani. Pamenepo wopambana ndi amene amatsata ndondomeko kuyambira pa kufotokoza ntchito imene ikufunika munthu, kulengeza, kusankha oyenera kufunsidwa, kuwayesa, kumulandira wolembedwayo, kumuphunzitsa, kufikira pa kuunika kagwiridwe kake.

Pali manambala ochepa amene ndi bwino akhale kumutu. Maola a ntchito asapitirire 48 pasabata. Tchuthi cha pachaka ndi masiku osachepera 18 kwa wogwira masiku 6 pasabata, ndi 15 kwa wogwira masiku 5. Mayi woyembekezera ali ndi ufulu wa tchuthi cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Ku penshoni, bwana amaponya osachepera 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti. Zolowereninso kuwerengera ndalama ya severance, imene munthu amalandira akachotsedwa chifukwa chakuti kampani ikuchepetsa antchito: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse m'zaka 5 zoyambirira, masabata 3 pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata 4 kupitirira apo. Motero wogwira zaka 7 zathunthu ayenera kulandira malipiro a masabata 16. Ophunzira ambiri amachulukitsa 7 ndi 3 nkupeza 21, ndipo ineyo ndinataya malikisi pa cholakwa chimenechi. Malamulowa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho onetsetsani kuti kope limene mukuwerenga lili ndi zosintha za mu 2010 ndi 2021.

Wa bungwe la antchito, Limbuli

Zimene anena anzangawa nzoona, koma ndiloleni ndiike maganizo ochokera mbali inayi ya tebulo. Mabuku amanena kuti ofesi yoona za antchito ili pakati pa bwana ndi wantchito, komabe amene amalipira ofesala ameneyu ndi bwana, ndipo wantchito amadziwa zimenezo asanalowe nkomwe pakhomo. Mukamawerenga, mphwanga, muzidzifunsa kuti mfundo iliyonse ikupindulira yani.

Kuno kwathu mbiri ya ntchito sinayambire ku Hawthorne. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo makolo athu ambiri, makamaka Alhomwe amene ankachokera ku Mozambique, ankakhala pa malo a azungu pogwira thangata m'malo mwa lendi. Nkhanza za m'maesiteti zinali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu 1915. Kukayikirana kumene mudzakupeze pakati pa antchito ndi ofesi kuli ndi mizu yaitali chotero. Ndikulangizani muwerenge Labour Relations Act ya 1996, imene imateteza ufulu wolowa bungwe la antchito ndi wokambirana malipiro pamodzi, ndipo mudziwe kuti mu 2016 bungwe la antchito a m'maesiteti la PAWU ndi bungwe la makampani a tiyi la Tea Association of Malawi anasainirana pangano loyamba la mtundu umenewu m'makampani a tiyi.

Palinso nkhani imene phunziro loyamba limangoidutsa mothamanga, ya antchito a nyengo. Masamba akachuluka, kuyambira cha mu Disembala, anthu amalembedwa ambiri, ndipo chilimwe chikafika amauzidwa kuti adikire. Amene amasankha woti adzabwerere chaka chamawa amakhala ndi mphamvu yaikulu pa mayi wosauka, ndipo apa ndi pamene nkhanza zofuna kugonana naye zimayambira. Gender Equality Act, lamulo la 2013 loletsa kusala pakati pa amuna ndi akazi, limati khalidwe limeneli ndi mlandu. Sindikunena bambo anu, chonde musandimve molakwika, koma ofesala wosadziwa kukonza njira yoti mayi adandaule popanda kudzera kwa kapitawo yemweyo amene akumuzunza ndiye kuti ntchito yake sanaimalize.

Mwana wa kapitawo, Luchenza

Zikomo kwambiri nonse, ndipo bambo a ku Limbuli musadandaule, sindinakhumudwe. Employment Act ndaipeza kale kulaibulale, ndipo ndayamba ndi ndime 57. Dzulo ndinawaimbira foni bambo anga nkuwafunsa mmene ankagawira mizere ndi mmene ankasankhira anthu obwerera nyengo yotsatira. Analankhula mpaka mayunitsi anga anatha, ndipo anati ndikadzabwera pa tchuthi ndidzatenge kope, chifukwa za sikelo zokha nzofunika tsiku lathunthu.