Kodi 1488, 109 ndi 271k pa ndemanga akutanthauza chiyani?

Nachisale: Akuluakulu, thandizeni. Pa X ndi TikTok, m'munsi mwa nkhani zokhudza Ayuda, mukumabwera ndemanga za manambala okhaokha: 88, 1488, 109, pena 271k. Ena akutsekera dzina la munthu chonchi: (((dzina))). Zikutanthauzanji, nanga woyang'anira gulu angamudziwe bwanji wachidani?

Mbewe: Mayi, zimenezo ndi zining'a za otsatira maganizo a Nazi, chipani cha Adolf Hitler chimene chinkalamula Germany. Amatero kuti anzawo amve, koma makina osefa mawu achipongwe asawagwire. H ndi chilembo cha nambala 8, choncho 88 ndi HH, moni uja wa "Heil Hitler". 18 ndi AH, Adolf Hitler. Gulu la Combat 18 la ku Britain linatenga dzina pamenepo. 14 ikuimira chiganizo cha mawu 14 chokweza azungu pamwamba pa mitundu ina, chimene analemba David Lane wa gulu la zigawenga la The Order ku America. Ikaphatikana ndi 88 n'kukhala 1488, chokayikitsa chimachepa kwambiri.

Wolemba 109 akuti Ayuda anapirikitsidwapo m'maiko 109, ndiye vuto ndi iwowo. Wolemba 110 akufuna apirikitsidwenso.

Yopweteka kwambiri ndi 271k. Mwini wakeyo akukana kuti Ayuda 6 miliyoni anaphedwa ndi a Nazi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ati anali 271,000 basi. Nambalayi anaitola pa chiwerengero cha zikalata za imfa zimene ofesi ya ku Arolsen, ku Germany, inatulutsa za akaidi ena a m'misasa ya a Nazi. Koma amene ankapita nawo ku zipinda zophera anthu ndi gasi atangotsika sitima ku misasa ya Auschwitz kapena Treblinka ku Poland sankalembedwa m'kaundula wa akaidi. Chimodzimodzinso Ayuda oposa 33,000 amene anaomberedwa ku Babi Yar, ku Ukraine, m'masiku awiri mu 1941. Apa ndi pamene pagona bodzalo.

Mabulaketi atatu aja ndi chala cholozera kuti "uyu ndi Myuda, muukireni". Anayambira pa pulogalamu yomvera pa intaneti ya odana ndi Ayuda yotchedwa The Daily Shoah mu 2014, ndipo mu 2016 Google inachotsa pa Chrome kapulogalamu komwe kankatsekera mayina otere pakokha.

Nangozo: Zoona a Mbewe, koma tisaweruze ndi chizindikiro chimodzi. Obadwa mu 1988 ambiri ali ndi 88 pa dzina lawo, ndipo kwa Atchaina 8 ndi nambala ya mwayi. Swastika ya Ahindu ndi Abuda inalipo kalekale Hitler asanabadwe. Ayuda enanso anadzitsekera okha mayina m'mabulaketi posonyeza kuti saopa.

Tsegulani tsamba la munthuyo, muwerenge zolemba 20 kapena 30 zapitazo, muonenso amene amawatsatira. Ngati 88 ikuyenda limodzi ndi mphezi ziwiri zoimira SS (gulu lankhanza la asilikali a Hitler), dzuwa lakuda la miyendo 12 lochokera ku nyumba ya SS ya Wewelsburg ku Germany, kutama "wojambula wa ku Austria" (ndiye Hitler ameneyo), kapena nkhani yoti Ayuda olemera monga George Soros ndi banja la Rothschild ndi amene amayendetsa dziko lonse mobisa, mwamupeza.

Kudzudzula boma la Israel pa nkhondo ya ku Gaza si kudana ndi Ayuda ayi. Malire amadumphidwa pamene mlanduwo wasenzetsedwa Myuda aliyense, ngakhale wa ku London kapena Johannesburg.

Chisale_Joni: Abale a kuno ku South Africa, onjezani ma 7 atatu akuda opanga ngati gudumu pa mbendera yofiira. Ndi chizindikiro cha AWB, gulu la azungu atsankho la Eugène Terre'Blanche lomwe linayamba mu 1973. Anthu amenewa amadananso ndi ife akuda.

Mayi Nachisale, mukampeza, jambulani sikirinishoti yoonetsa dzina, tsiku ndi nkhani yomwe amayankhayo, kenako mumunenere pa gawo la mawu achidani. Pomwe pali malo olembapo, fotokozani tanthauzo lake, chifukwa woona dandaulo akangoona "109" yokha amati palibe cholakwika. Musagawe ndemangayo poitsutsa, mumangoiwonjezera owerenga. Ngati ndi mnyamata wongotengera za anzake, muuzeni kumbali zomwe nambalayo ikunena. Akabwerezanso, mchotseni m'gulu.