Ndikulakwitsa pati pophatikiza ma vector?

Wofunsa: Akuluakulu a physics, ndithandizeni. Funso likuti munthu wayenda mamita 40 kummawa, kenako wakhota madigiri 60 kulowera kumpoto n'kuyenda mamita 30, pomaliza mamita 20 kumadzulo. Akufuna displacement yonse. Nditangophatikiza ndapeza 90. Nditayesa Pythagoras pa 40, 30 ndi 20 ndapeza 53.9. Kumayankho alemba 43.6. Imeneyi yachokera kuti?

Yankho loyamba: 90 yanuyo ndi distance, mtunda wonse umene mapazi aponda. Displacement ndi mzere woongoka kuchokera poyambira kukafika pothera, ndipo imafuna munene mbali imene walozera, chifukwa ndi vector: chinthu chokhala ndi kukula komanso mbali imene chalozera. Pythagoras ndiye musamukakamize, amagwira pokhapokha mizere iwiri yakumana pa madigiri 90. Yanuyi ndi itatu, wina ndi wopendekeka.

Gawani ulendo uliwonse pawiri: za kummawa paokha, za kumpoto paokha. Wa 40 uja wonse ndi wa kummawa. Wa 30 ndi umene uli ndi ntchito: kummawa ndi 30 cos 60 = 15, kumpoto ndi 30 sin 60 = 26. Wa 20 ukubwerera kumadzulo, ndiye ndi −20.

Kummawa: 40 + 15 − 20 = 35. Kumpoto: 26. Apa tsopano muitaneni Pythagoras: √(35² + 26²) = 43.6. Kenako tan⁻¹(26/35) ikupatsani madigiri 36.6 kuchoka kummawa kulowera kumpoto. Mukangolemba 43.6 osatchula mbali, yankho ndi latheka.

Yankho lachiwiri: Ambiri amagwa pa minus ija. Mukaiwala, kummawa mupeza 75, yankho n'kukhala pafupifupi 79.4. Komanso calculator ikhale pa DEG, kutanthauza madigiri. Yesani cos 60: ikakupatsani −0.95 m'malo mwa 0.5, dziwani kuti ili pa RAD, kutanthauza ma radian, muyeso wina wosiyana ndi madigiri.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga akanati bearing ya 060?

Yankho loyamba: Pamenepo zasintha. Bearing imawerengedwa kuchokera kumpoto, motsatira mivi ya wotchi, choncho sin ndi cos zimasinthana: kummawa 26, kumpoto 15. Yankho lathu lija likalembedwa ngati bearing ndi 90 − 36.6, pafupifupi 053.

Yankho lachitatu: Jambulaninso ndi rula ndi protractor, sentimita imodzi ikuimira mamita 10. Muvi uliwonse uyambire pamene unzake wathera, onse atatu asachokere pamalo amodzi. Mzere wochokera poyambira kukafika pansonga ya muvi womaliza utuluke pafupifupi masentimita 4.4. Ukatuluka pafupifupi 4.8, yang'anani pamene mwaika madigiri 60 aja.