Funso langa la kafukufuku akulikana, thandizeni

Mphunzitsi wa ku Namwera: Anzanga ndikulemba pulojekiti ya digiri ya zamaphunziro, funso langa ndi loti "n'chifukwa chiyani ana amasiya sukulu ku Mangochi" koma a supavaiza akuti latakata kwambiri. Ndilikonze bwanji?

Wa ku Monkey Bay: Akunena zoona aphunzitsi, Mangochi ndi boma lalikulu, mwana wa ku Makanjira ndi wa pa boma mavuto awo safanana, ndiye ana ake ati, anyamata kapena atsikana, sitandade iti? Mwina mufunse kuti usodzi ukukhudza bwanji kujomba kwa anyamata a sitandade 6 mpaka 8 m'sukulu zitatu za m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Pamenepo muli ndi poyambira, marejisitala alipo, makolo alipo.

Mayi wa ku Malindi: Komanso musaike yankho m'funsomo. Ambiri amalemba ngati akudziwa kale kuti vuto ndi chinamwali kapena ulendo wa ku Joni, nanga kafukufukuyo ndi wachiyani?

Wa pa boma: Inu muli ku Namwera, Malombe transipoti yake muikwanitsa? Funsani za ana olankhula Chiyao kunyumba momwe akuvutikira kuwerenga Chichewa mu sitandade 1, ali m'kalasi mwanu momwemo.